Karoti afike pa mbale ya nsima, asamangothera pa mpunga wa paukwati

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndilankhule za mbewu imene ambiri kwathu amailima koma sailawa. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, koma ndili kuno ku Johannesburg kumene ndimasamalira minda ya pakhomo m'nyumba za anthu cha ku Randburg. Amene anadutsapo pa Lizulu akudziwa kuti basi isanaime n'komwe, mabeseni a kachewere, kabichi, anyezi, tomato ndi mitolo ya karoti amakhala afika kale pawindo. Karoti ameneyo amapita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kukalowa m'mahotela, m'masitolo akuluakulu ndi m'miphika ya paukwati. Koma mwana amene anadzuka m'mamawa kuli chisanu kukathirira bedilo, madzulo amadyera nsima mpiru wothira mchere wokha. Zimenezi zimandiwawa.

Posachedwapa ndinkacheza pa foni ndi alamu anga, amene ali ndi dimba lalikulu ndithu m'mbali mwa kamtsinje kwathuko. Nditawafunsa ngati ana amadyako karoti amene amalimayo, anaseka n'kunena kuti, "Alamu, zimenezo ndi zachizungu. Ife timalima kuti tipeze ya sopo ndi ya fizi. Chinthu chotsekemera chija munthu angadyere nsima?" Alamu angawo ndi mlimi wakhama, sindikuwanyoza, ndipo si iwo okha amene amaganiza choncho. Ndi maganizo a mudzi wonse.

Koma mbiri ya karoti ikunena zina. Karoti wodya muzuyu anayamba kulimidwa ku Asia, kudera la Afghanistan ndi Iran, zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo sanali wa mtundu wa olenji umene tauzolowerawu. Anali wapepo, wina wachikasu. Alimi a kumeneko ndi amene ankasankha chaka ndi chaka mizu yonenepa ndi yokoma kuchokera ku chomera chakutchire cha muzu woyera, woonda ndi wolimba. Aluya anamunyamula m'maulendo awo mpaka kumpoto kwa Africa, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1100 ankalimidwa ku Spain. Anapitanso kum'mawa, moti lero dziko limene limakolola karoti wambiri kuposa lina lililonse ndi China. Wa olenjiyu ndi wam'mbuyo. Anamutchukitsa ndi alimi a ku Netherlands m'zaka za m'ma 1600, ndipo chifukwa choti anali wokoma komanso sankadetsa msuzi monga ankachitira wapepo uja, anthu anamukonda n'kuiwala enawo. Azungu anamulandira kwa ena, monga mmene ifenso tamulandirira kwa iwo.

Ndipo tikati mbewu iliyonse yobwera tiziitcha yachizungu, m'nkhokwe mutsala chiyani? Chimanga chimene timati ndi moyo kwawo ndi ku Mexico. Mtedza, chinangwa, mbatata, tomato, ngakhale kachewere wa ku Tsangano amene timamunyadira, zonsezi zinachokera ku America ndipo zinawoloka nyanja pambuyo pa chaka cha 1492. Makolo athu akale nsima yawo inali ya mapira ndi mawere. Anaona mbewu zachilendo, anazilawa, anazisinja, anazitendera, mpaka lero palibe amene amakumbuka kuti zinabwera. Karoti yekha ndi amene tamusiya panja.

Kuno ku South Africa ndiwo za ku Ulaya monga kabichi ndi karoti zinalowera ku Cape. Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa gulu la anthu a ku Netherlands, atafika kumeneko mu 1652, ntchito imene anatumidwa inali yolima munda wodyetsa amalinyero a zombo zopita kum'mawa, chifukwa ankadwala ndi kufera panyanja posowa zakudya zaziwisi. Malo a mundawo alipobe pakati pa mzinda wa Cape Town, amawatcha Company's Garden. Koma chimene chimandisangalatsa ine si chimenecho. Ndi mmene anthu akuda a kuno anamutengera karoti n'kumusandutsa wawo. Ali ndi ndiwo yotchedwa chakalaka, imene eni ake amati inabadwira m'makomboni ndi m'mahositelo a m'migodi ya kuno, migodi yomweyo imene agogo athu ankabwerako pa Wenela ndi pa Theba. Mayi wina wachizulu woyandikana nafe nyumba amaphika Loweruka lililonse. Amakazinga anyezi ndi tsabola wobiriwira wamkulu uja m'mafuta, kuthiramo curry ndi tsabola wowawa, kenako n'kukhuthuliramo karoti wopala wodzaza mbale yaikulu. Amatakasa mpaka karoti uja afewe, mafuta asanduke achikasu, ndiye pomaliza n'kuikamo nyemba za m'chitini. Fungo lake limafika mpaka kwathu. Amadyera pap, imene ndi nsima yomweyi, ndipo palibe amene amafunsa ngati chinthu chotsekemera chingadyeredwe nsima. Pamaliro chakalaka ilipo, paukwati ilipo, pootcha nyama ilipo, ndipo Lamlungu pa mbale imene amaitcha seven colours karoti sasowa pambali pa dzungu, bitiruti ndi kabichi.

N'zoona kuti kuno karoti ndi wosavuta kumupeza. Minda ikuluikulu ya ku Tarlton, kumadzulo kwa Krugersdorp, imatumiza malole ku msika wa zokolola wa ku City Deep, kumene amayi ogulitsa m'misewu amafika kusanache kudzagula matumba. Akafika nawo pa renki ya ma taxi amawagawa m'timapepala ting'onoting'ono, moti ngakhale munthu wa ganyu amakwanitsa. Kwathu kulibe malole amenewo. Koma tili ndi madimba, ndipo ku Lizulu, ku Bembeke, ku Bvumbwe ndi ku Jenda karoti ali kale m'manja mwathu. Chasowa ndi kumupatulako wa m'nyumba asanakwere basi.

Za kutsekemerazo, akonzi, ndi chonamizira chabe. Kodi futali si wotsekemera? Nanga maungu? Mayi a kunyumba kwanga, amene kwawo ndi ku Dedza, saphika chakalaka kawirikawiri. Anangomulowetsa karoti m'ndiwo zimene tinakula nazo. Nyemba zikatsala pang'ono kupsa amaduliramo awiri kapena atatu, msuzi umakhuthala n'kukoma. Tomato akakwera mtengo amapala karoti n'kukazinga pamodzi ndi anyezi, tomato mmodzi ndi kambuzi, ndiye n'kuikamo usipa umene abale amatitumizira pa basi. Kambuzi ndi mchere zimachepetsa kutsekemera kuja, chimatsala ndi kukoma. Koma imene imandifika pamtima ndi yotendera. Amadula karoti mopyapyala, kumuwiritsa m'timadzi tochepa mpaka ayambe kufewa, kuikamo repu kapena mpiru pamwamba, kenako nsinjiro, n'kuvundikira pa moto wochepa. Akavundukula mumaona zobiriwira ndi zofiira zitagwirana mu nsinjiro. Anzanga ochokera ku Mangochi ndi ku Mzimba amene amabwera kudzacheza Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ena poyamba ankakankhira pambali. Pano amachita kufunsa ngati yatsalako. Kwa mwana wamng'ono amangopala pang'ono n'kuphikira limodzi ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro.

Kutenderako kuli ndi phindu lina lobisika. Chimene chimamupatsa karoti mtundu wake ndi chimene thupi limasandutsa vitamini A, ndipo chimalowa bwino m'thupi karotiyo akaphikidwa komanso pakakhala mafuta. Mtedza uli ndi mafuta ake kale. Choncho mayi wakumudzi amene alibe ndalama ya botolo la mafuta ophikira, koma ali ndi mtondo ndi mtedza, ali ndi zonse zofunika. Vitamini A ameneyu ndi amene mwana akamusowa amayamba kusaona bwino kukada, amadwaladwala, ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba zikamugwira zimamugwetsa kwambiri. Tisakokomeze ayi. Nkhani yoti karoti amapatsa munthu maso akuthwa kuposa anzake inafala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene a ku Britain ankauza anthu kuti oyendetsa ndege zawo amaona usiku chifukwa chodya karoti, chonsecho chimene chinkawathandiza chinali makina a radar, ozindikira ndege za adani ngakhale mumdima. Karoti saonjezera maso kwa munthu amene ali bwino kale. Amateteza amene akanasowa.

Dziko lathu lachitapo kanthu pankhaniyi, tiyamikire. Kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 aliwonse ankasowa vitamini A, koma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti atsika kufika pa 4 mwa 100. Anathandiza ndi madontho amene ana amalandira kusikelo, shuga amene anayamba kuthiridwa vitaminiyu mu 2012, mafuta ophikira, komanso mbatata zofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Nkhawa yanga ndi yoti shuga ndi mafuta ndi za m'sitolo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ife a kuno tinamva kulira kwa abale pa foni, ndipo mabanja ambiri anayamba kugula mafuta a m'timachubu, shuga n'kumuona mwa apo ndi apo. Chitetezo cha mwana chisadalire thumba lokha pamene kuseri kwa nyumba kuli dothi.

Tsono pali ena amene amafuna kulima koma anayesa n'kugwa ulesi, chifukwa anakolola timizu tamphandamphanda, taufupi, tobiriwira kumutu. Apa ndiye ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri ndinaphunzira kwa mkulu wina wa ku Limpopo amene ndinagwira naye ntchito nditangofika kuno.

Choyamba chimene anandiuza ndi choti karoti sawokera. Ife tinazolowera tomato, kabichi ndi repu, zofesa pa nazale kenako n'kuzula kukabzala kwina. Karoti ukatero wamupha, chifukwa chimene ukufuna kudya ndi muzu woyamba womwe uja, ndipo ukangopindika kapena kuduka nsonga umagawikana. Pamene wafesa ndi pomwe akhwimire. Chifukwa chake bedi lake limafuna kuleza mtima. Umatipula mozama, kuyeza ndi mkono kuchokera kunsonga ya zala kufika chapafupi ndi chigongono, kuswa zibuma zonse, kutola timiyala ndi manja. Mkulu uja ankalowetsa dzanja m'dothi, likapanda kulowa mpaka pamfundo ya mkono ankati, "Bwerezanso, mwana wanga." Dothi lamchenga ndi limene amalikonda. Pa makande kapena pa katondo wolimba, kwezani bedi ndi kusakanizamo mchenga wa kumtsinje.

Manyowa aawisi, ongochotsa kumene m'khola la ng'ombe kapena la nkhuku, ndi mdani wake wina. Amachititsa mphanda ndi timizu tambirimbiri ngati ndevu. Fesani pamene munathira manyowa pa mbewu yapitayo, mwachitsanzo pamene pachoka kabichi, kapena thirani a kompositi owolerana bwino. Yuriya wambiri naye amangokometsa masamba, pansi palibe kanthu. Phulusa lapamoto pang'ono limathandiza. Ndipo pamene tomato kapena fodya anaonetsa timatuza m'mizu musafesepo, chifukwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timachititsa zimenezo timaononganso karoti.

Mbewu yake ndi yaing'ono ndi yopepuka, ukafesa ndi dzanja lokha imagwera pamodzi. Isakanizeni ndi mchenga wouma. Lembani timizere ndi kamtengo, totalikirana chikhatho chotambasula, takuya sentimita imodzi yokha, ndipo mukwirire mopepuka. Pamenepa m'pamene ambiri amataya mtima, chifukwa karoti amachedwa kumera. Amatha sabata ziwiri, kukazizira mpaka zitatu, ndipo nthawi yonseyo pamwamba pa dothi pasaume ngakhale tsiku limodzi. Phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere, muzithirira ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono m'mawa ndi madzulo, osati kukhuthula ndowa. Muziyang'ana pansi pa udzuwo tsiku lililonse. Mukangoona timasamba tiwiri toonda tatuluka, chotsani udzu, apo ayi timatalika mofooka n'kugwa.

Kenako pali ntchito imene imapweteka mtima wa mlimi aliyense, kupatulira. Mzere umakhala wamera bwino, wobiriwira, wothithikana, ndiye munthu umaona ngati kuzula ena ndi kutaya ndalama. Koma ukawasiya onse palibe ndi mmodzi yemwe anenepe. Akafika msinkhu wa chala, zulani mpaka pakati pa wina ndi mnzake pazikwana zala zitatu. Chitani madzulo dothi lili lonyowa, ndipo mukatha mutsindire otsalawo. Ozulawo musataye. Masamba a karoti amadyedwa, ndipo anthete amenewa mayi a kunyumba amawasakaniza ndi bonongwe n'kutendera, timizu take n'kuponyamo momwemo. Akamakula muzikwezera dothi kumutu kwake, chifukwa mutu ukaonekera padzuwa umabiriwira n'kuwawa. Madzi akhale a nthawi zonse. Mukalisiya bedi liume kenako n'kulimiza, mizu imang'aluka. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mwayamba kuzula, ndipo simukakamizika kuzula onse tsiku limodzi monga zimakhalira ndi tomato akapsa. Okololawo muwadule masamba msanga kuti asafote, ndipo m'chidebe cha mchenga wonyowa pang'ono, pamthunzi, amakhala masabata angapo popanda firiji.

Nyengo ya kuno imandikumbutsa kwathu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yaikulu, boma la Dedza lili pafupifupi 1,600. June ndi July kuno kumagwa chisanu choyeretsa kapinga, koma karoti wokhwima sachita nacho mantha, amangoonjezera kukoma. Choopsa kuno ndi matalala a m'dzinja amene amatha kusasantha masamba m'kanthawi kochepa. Kwathu nthawi yabwino yofesa ndi mvula ikamatha, kuyambira April mpaka July, ndipo kumapiri angalimidwe pafupifupi chaka chonse. A kumadera otentha monga Salima, Nkhotakota ndi kuchigwa cha Shire asadzione otsalira. Afese m'miyezi yozizira, ndipo afunse mtundu wa Kuroda, wochokera ku Japan, umene umapirira kutentha kuposa Nantes. Wa dothi lolimba afunse Chantenay, amene ndi wamfupi ndi wonenepa kumutu. Mbewu yokha ndiye muzigula ndithu, chifukwa mitundu imeneyi situlutsa maluwa chaka choyamba, imayamba yadutsa m'kuzizira kwakukulu. Ndipo muziwerenga deti pa paketi. Mbewu ya karoti ikagonera zaka pashelefu yotentha simera bwino, mlimi n'kumadziimba mlandu chonsecho vuto linali la m'sitolo.

Ndilankhuleko ndi a Malawi anzanga a kuno ku Joni. Amayi athu sanasiye kuthyola ndiwo. M'malo opanda nyumba ndi m'mbali mwa mipanda mumamera chisoso ndi bonongwe, zimene eni dziko amazitcha morogo, ndipo ine ndikamapalira m'minda ya mabwana ndimazipatula n'kupita nazo kunyumba. Zimenezo timazidziwa kuyambira tili ana. Koma chomera chilichonse cha masamba onga a karoti ndi maluwa oyera otambalala, chimene simunafese nokha, chisiyeni. Karoti wakutchire alipo, koma m'banja lomwelo muli hemlock, chiphe chimene anamwetsa Socrates, munthu wanzeru wakale wa ku Greece, ndipo kusiyanitsa kwake n'kovuta ngakhale kwa ozolowera. Muzu wa wakutchireyo ndi woonda ndi wolimba, sungapindule nawo kanthu poyerekeza ndi ngozi yake. Chachiwiri ndi dothi. Milu yachikasu ya zotsalira za m'migodi imene ili kumwera ndi kumadzulo kwa mzindawu, cha ku Riverlea ndi m'mphepete mwa Soweto, ili ndi zitsulo zapoizoni, ndipo fumbi lake limauluka ndi mphepo ya mu August. Mtsinje wa Jukskei nawo umanyamula zonyansa za m'masuweji. Musathyole ndiwo kapena kulima mbewu ya muzu pafupi ndi malo amenewa, musathirirenso ndi madzi ake. Amene akukhala m'kachipinda ka kuseri, chidebe chakuya choboola pansi kapena thumba lodzaza dothi lochokera kwabwino n'zokwanira mzere wa karoti wa ana.

Paja akulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ambirife kuno timagwira ntchito m'minda, m'makhitchini ndi m'mafamu, ndipo December akafika timakweza mafiriji, ma TV ndi njinga pa ngolo za mabasi a ku Park Station. Zimene manja athu aphunzira sizilipira kasitomu pa Mwanza kapena pa Dedza. Ine ndagwirizana ndi alamu anga kuti chaka chino bedi limodzi mwa onse lisagulitsidwe, ndipo mlongo wanga wamva kale pa foni mmene amatenderera.

Kwa inu akonzi, pempho langa ndi loti mwezi wa March, anthu asanalowe m'madimba, mupereke tsamba lathunthu kwa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo kuti afotokoze m'Chichewa kafesedwe ndi kaphikidwe ka karoti, ndi zithunzi zoonetsa kutalikirana kwake popatulira. Alangizi akamaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya aziphika pamaso pa anthu, alawitse ndi abambo omwe, chifukwa nthawi zambiri amene amalamula kuti zonse zipite ku msika ndi iwo. Ogulitsa mbewu nawo atiganizire. Mapaketi ambiri amene ali m'masitolo a zaulimi malangizo ake ali m'Chingerezi chokha, m'timalemba tating'ono, ndipo mawu oti mbewu iyi siwokeredwa mlimi wa ku Lizulu sawaona.

Ndine wowerenga wanu,
Wosamalira minda wochokera ku Ntcheu,
Randburg, Johannesburg